Mmene Ndinakokela Mwezi Pakhomo pa Amai

Inu anyamata mukuti foni yanu ndiyo idziwa nthawi yotuluka mwezi, ifunseni tsono chifukwa chake umachedwelachedwela tsiku ndi tsiku. Siyankha. Amene anaupundula ndine, Zuze, ndili pano pachigayo kudikila malaiti pamodzi ndi inu.

Ife tinabwela kuchoka ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Itatha, tinamanga nyumba ku Nyampande, khomo kuyang'ana kumsewu. Koma amai anga anayamba kuwonda. Kwao mwezi wathunthu unkatulukila pakhomo penipeni, iwo ali pamphasa kuswa nshawa, mtedza uja, pomwe kuno unkatulukila kuseli, pamwamba pa khola la nkhumba.

"Dziko lanji mwezi ubwelela kumbuyo ngati wakuba?" anatelo. "Mailo nibwelela kwathu."

Katundu anamangadi m'chitenje kuti mawa lake anyamuke. Ine mantha anandigwila, pakuti kwaoko kunalibe ndi mmodzi yemwe wotsala.

Ndinabweleka ng'ombe za a Tembo, ndinapota chingwe cha luzi ndi mphila za njinga, ndinakwela phili dzuwa likupendeka, ndipo mwezi utangosuzumila, wofiila ngati dzungu, ndinauponyela khwekhwe m'khosi, uwo kudzidzimuka, ng'ombe kukoka, uwo kukoka, ine pakati, mpaka unatiguza tonse kudutsa Petauke, anthu pamsika kumangoona ng'ombe zikupalasa m'mwamba, kukafika ku Nyimba kumene ndinakola mwendo pa nthochi, munda wonse n'kuzuka kunditsatila. Mukumva? Zidendene zanga zinakumba ngalande, azimai a kumeneko amachapilamo mpaka lelo. Atambala a ku Kaumbwe anasokonezeka, analila madzulo, anthu n'kunyamula makasu.

Pamenepo ndinakwiya. Ndinakwela chingwecho, ndinaugwila ndi manja, ndi wotelela ngati mlamba komanso wozizila, ndinaupinda mwendo, ndinauuza kuti amai anga sapita kulikonse chifukwa cha iwe. Madontho akuda mumaonawo ndi zala zangazi, bwelani muyeze. Kuchoka tsikulo umatsimphina, n'chifukwa chake umachedwa. Mukauona masana uli mbuu, dziwani kuti ukuzonda ngati ndinafa.

Ndinaukokela pakhomo. Amai anatuluka, anauyang'ana nthawi yaitali, anapukuta m'maso, kenaka anati, "Zuze, nipatse lichelo la nshawa." Chitenje chija anamasula okha.

Mlongo wanga Malita, amene kamwa yake siidziwa Sabata, amauza anthu kuti ine ndinangoboola khoma la kum'mawa n'kuikapo chitseko. Inde, ndinaboola, nanga mwezi ukanalowela pati? Koma pitani ku Nyampande mukaone kumene amai anagona atakalamba, zidzukulu zitawazungulila. Munthu wofuna kwao, katundu ali kale pamutu, mungamuletse ndi chitseko chabe, inu?