Tsiku limene ndinameza mavolti pa Fort Lister

Amene akuti Bwanali ndi wabodza ayimirire pompano ndimuone nkhope, chifukwa inu anyamata a kabaza mumangodziwa kupalasa, za magetsi a galimoto simuzidziwa. Ine ndinayendetsa matola zaka zija zipani zitangochuluka, ndipo mita yoyezera magetsi sindinaigulepo, ndinkayeza ndi lilime. Batire likapuma lili bwino limakhala pa mavolti thwelofu ndi kanthu, ndipo limawawasa ngati bwemba. Injini ikalira, alitaneta, kamakina kaja kotchaja batire, kayenera kukankha fotini, ndiye pamenepo lilime limamva tsabola wa kambuzi. Kuchepera apo batire likufa ndi njala, kupitirira fifitini likuwira. Mukumva?

Nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini ku Jenala, kwawo kwa mkazi wanga Esinala, ndipo apongozi anga aakazi anali ndi wailesi yoyendera batire la galimoto imene ankamverapo mauthenga a maliro osaphonya. Batirelo linatha moto, msuweni wawo n'kumwalira ku Thyolo, iwo n'kumva ataikidwa kale. Poti mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anakaima pankhokwe n'kumaiuza nkhokweyo mokweza.

"Iwe nkhokwe, pamudzi pano pali mwamuna woyendetsa galimoto, koma batire langa lagona. Likapanda kudzuka mawa, mwamunayo apinde mphasa yake azipita kwawo."

Nkhokwe sinayankhe, koma ine ndinamva, ndipo mtima unandiwawa zedi chifukwa Esinala ndinkamukonda moti ndinkaiwala kusintha giya.

M'mawa ndinamangirira batire la apongozi m'galimoto, ndinalumikiza mawaya kuti lizidya limodzi ndi langa, ndinanyamula anthu, matumba a nandolo ndi nkhuku pa Boma, n'kuyamba kukwera Fort Lister, Mulanje uku Michesi uku, ndipo tili pakati pa chitunda lamba wozunguza alitaneta anaduka, kagetsi kofiira n'kuyaka. Kunyambita waya, bwemba yekhayekha. Ndikuyang'ana uku ndi uku ndinaona nsato ikuwothera dzuwa pamwala, ndinaipatsa moni, ndinaifotokozera za chikamwini, ndipo poti nayonso inali yaimuna inamvetsa, inalowa yokha mu boneti, inazungulira mapule, timawilo tija toyendapo lamba, n'kudziluma mchira. Ndikulumbira pali manda a bambo anga.

Koma nsato si lamba, abale anga, lamba amadikira injini pamene nsato imathamanga yokha, ndiye itamva kutentha inayamba liwiro, alitaneta n'kumalira ngati chigayo, fotini, fifitini, twente, fote, legyuleta imene imaletsa magetsi kusefukira n'kupsa n'kununkha, mabatire onse awiri n'kuyamba kubwata ndi kufufuma, nyale n'kuwala masana mpaka dzuwa linachita manyazi n'kukabisala kuseri kwa Michesi, nkhuku kumbuyo zikuikira mazira owiritsa kale, nandolo akupsa m'matumba anthu n'kumapempha mchere, mayi wina wa nyamakazi n'kudumpha kuyamba kuvina tchopa pamwamba pa katundu, ndipo abusa ena amene anali ndi dazi chibadwire anamera tsitsi n'kufunsa ngati ndili ndi chipeso. Mukumva kapena mwagona?

Ndinadziwa kuti batire la apongozi likaphulika ukwati wanga waphulika nalo. Ndiye ndinadula waya wochokera ku alitaneta, mbali iyi ndinaluma ndi mano akumanja, mbali inayo ndi akumanzere, ine mwini n'kukhala legyuleta: fotini ndinkailola kudutsa, zotsalazo ndinkameza. Ndinayendetsa choncho mutu uli mu boneti, mapazi ali pa chiwongolero, kutsika mpaka ku Muloza ndi kubwerako, ndikumeza mavolti ngati thobwa, ndikageya mphezi n'kumang'anima ku Mozambiki. Nsato ndinaitsitsa pamwala pake pomwe, inakana malipiro, inangoti ndikapereke moni kunyumba.

Ndinafika ku Jenala dzuwa litatulukanso kobisala kuja, mudzi wonse unasonkhana, apongozi analumikiza wailesi yawo n'kutsegula. Zii. Apa ndinene zoona, poti ine sindinama: batire lija linali lokalamba, mkati linali litafa kale, ndipo ngakhale ulipatse fotini yabwino bwanji silisunga kanthu. Apongozi anatembenukira kunkhokwe.

"Iwe nkhokwe, uuze mlendo kuti njira ndi iyo."

Ndinapinda mphasa yanga misozi ikutuluka n'kumathetheka pamasaya. Esinala anabwera kudzanditsanzika, anandigwira dzanja, ndipo mavolti onse aja ndinameza anamukoka n'kumumata pa ine. Amalume ake anakoka, alongo ake anakoka, anabwera ndi ngolo ya ng'ombe n'kukoka, ng'ombe zinagwada, dzanja osachoka. Apongozi anaona kuti akathamangitsa mkamwini mwana wawo apita naye, ndiye anauza nkhokwe kuti mlendo akhale.

Mpaka lero tili limodzi, ndipo mukapita ku Jenala mukamufunse. Adzakuuzani kuti kunalibe nsato, kuti dzanja langa linali lozizira ndi mantha, kuti panalibe magetsi alionse, iye anangokana kundisiya basi. Musamumvere mayi ameneyo, ndi wabodza kwambiri.