Kanyumba ka Keke ya Falesi

Mwambi uja unatigwetsa tonse pa mayeso a Chichewa, anzanga, chiyambi chake chapezeka, ndipo si kutali ayi, ndi kwathu konkuno ku Nsipe, kuseri kwa chigayo. Mmene unayambira ndi motere.

Kunali mayi wina dzina lake Falesi, katswiri wa zigumu ndi mandasi, amene mng'ono wake Elube ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Balaka. Tsiku limene mabanja awiriwa anakhala pansi kukonza za ukwati, nkhani itafika pa keke, Elube ananena poyera kuti ya m'tauni sakuifuna. Ankafuna yophika achemwali ake, ndiponso ikhale ya chidole, ija imaoneka ngati mtsikana waima atavala diresi lotambalala. Azakhali a mkwati, a Nanthambwe, mayi wojintcha wochokera ku Limbe, anaseka mpaka duku kupendekeka.

"Keke ya m'mudzi ndimaidziwa ine," anatero. "Chidzakhala chigumu chovala diresi."

Anthu anaseka nawo. Elube anagwetsa nkhope koma mawu ake sanasinthe. Falesi anangodziwa mumtima kuti kekeyo ikadzalephereka, wochita manyazi pamaso pa apongozi adzakhala mng'ono wake amene wamuikira kumbuyoyu, ndipo dzina la chigumu lidzamutsata kubanjako mpaka imvi.

Uvuni analibe. Anathira mchenga mumphika waukulu, n'kuuteleka pambaula, makala ena pachivundikiro. Keke yoyamba inapserera pansi, ana n'kumwera tiyi. Anaphikanso, ndipo ulendo uno zinatheka: yaikulu, yocheperapo, ndi ina ya m'bakuli lakuya kuti ituluke yobulungira pamwamba. Zitazizira anazisanjikiza, n'kumasema m'mbali ndi mpeni pang'onopang'ono mpaka diresi linaoneka. Chidole anachipeza pa kaunjika tsiku la msika, chapulasitiki, chatsitsi lalitali. Anachisambitsa ndi sopo ngati khanda, n'kuchikulunga miyendo ndi pepala, n'kuchimiza pabowo la pakati mpaka m'chiuno. Kenako anapota aisingi wa shuga ndi majarini, wina wachikasu wina wobiriwira monga inalili nsalu ya ukwati, anathira m'jumbo, n'kudula pakona, n'kumafinya timaluwa kamodzikamodzi, kuyambira m'chiuno kutsika mpaka pansi, lilime lili panja. Pomaliza anachimanga kaduku ka nsalu yomweyo. Mukanachiona, anzanga, munthu ukanachipatsa moni.

Tsono vuto linali kunyamula. Holo ya tchalitchi inali kutsidya kwa mtsinje, msewu wake wa mabampu ndi fumbi, mwezi wake Okutobala. Katoni iliyonse imene anayesa inali yaifupi. Beseni povundikira linkakhudza duku.

Apa m'pamene analowerera amuna ake, a Layisoni, ometa tsitsi pamsika. Anali munthu wabwino mtima, wosamwa, wokonda mkazi wake, koma anali ndi nthenda imodzi: sankadikira kuti munthu amalize chimene akunena. Za ukalipentala ankati amazidziwa, poti tsiku lina anabisalapo mvula pashedi ya akalipentala mpaka inakata.

"Bambo a Mwatitha," anatero Falesi, "mukanandipangira bokosi la matabwa, koma likhale loti pofika kuja ti..."

"Ndadziwa kale, mayi a Mwatitha. Ndipo si bokosi ayi. Mzimayi wotchena chonchi sangayende m'bokosi ngati sopo. Ndimumangira nyumba."

Anabwereka sowo ndi hamala, anatola matabwa otsala ndi chidutswa cha lata, ndipo tsiku lonse loti mawa lake ndi ukwati pakhomo panali phokoso lokhalokha. Pofika madzulo zipupa zinayi zinali zitayedzamira khonde, zopakidwa penti yoyera, chimodzi chili ndi kazenera ka galasi, denga lili pambali. Anafotokoza kuti mawa adzaika keke pathabwa la pansi, n'kulumikiza zipupazo moizungulira kuti isapeze mpata wogwedezeka. Falesi anaona kuti nzeruyo ndi yabwino ndithu. Zipupa zoyedzamirana sizionetsa chimene chikusowa.

M'mawa mwake iye analawirira kukaveka mkwatibwi, keke n'kuisiya m'manja mwa amuna ake. Ndipo kunena zoona a Layisoni anaisamala. Anakhoma mwaulemu, kamsomali kamodzi n'kusuzumira pazenera, kena n'kusuzumiranso, osagwetsa duwa ngakhale limodzi. Poopa mabampu anawonjezera misomali, poopa mphepo anawonjezeranso, mpaka chitini chonse chinatha. Mayi woyandikana nawo nyumba anabwera kudzaona, anazungulira kanyumbako, n'kuyamba kufunsa kuti nanga mwini wakeyu, koma a Layisoni anamuuza kuti adziwa kale, ndipo mayiyo anabwerera kukatsuka mbale zake. Wakabaza amene anamuitana naye pomanga zingwe anasuzumira uku ndi uku, n'kuyamba kuti achimwene, iyi mukakafika nayo, koma anayankhidwa chimodzimodzi, iye n'kungoti chabwino, njinga ndi yanga koma nyumba ndi yanu.

Ulendo wake unali wokoma kuona. Wakabaza sanakwere, ankangokankha, a Layisoni atagwirira kumbuyo, akulamula mbuzi kuti zipatuke. Pamtsinje anamasula kanyumbako n'kukasenza pamutu, buluku atapinda, nsapato zili m'khosi. Ana a m'njira ankawatsatira akulimbirana zenera, amayi a pamjigo n'kusiya ndowa zikusefukira. Anafika kuholo keke ili chiimire, yopanda ndi kafumbi komwe. Fumbilo likanalowera pati?

Kanyumbako anakaika patebulo la kutsogolo, kumbuyo kwake kutagunda khoma. Falesi pobwera kuchokera kutchalitchi anathamangira pazenera, anaona chidole chake chili bwinobwino, duku lili m'malo, ndipo anawayang'ana amuna ake ndi maso amene anawayang'ana nawo tsiku la ukwati wawo. Khomo anangoganiza kuti lili kumbuyoko. A Nanthambwe nawo anasuzumira, n'kunena mokweza kuti pagalasi chilichonse chimakongola, tiona mpeni ukalowa.

Anthu anadya, anavina, ndipo nthawi ya keke inakwana. Kamtsikana ka mpeni kanayambira kukhomo la holo, mpeni wokulunga riboni uli m'manja, kakuvina masitepe awiri kutsogolo imodzi kumbuyo monga mwa mwambo wake, anthu akukuwa, mpaka kanafika n'kugwada pamaso pa mkwati. Tebulo linakokeredwa pakati. Woyendetsa mwambo analengeza pa maikolofoni kuti tsopano nyumba itsegulidwe, mwini wake atuluke.

Falesi anapita kumbuyo kwa kanyumbako. Anapeza thabwa. Anapita kumbali, thabwa. Mbali inayo, thabwanso. Anazungulira kachiwiri akupapasa ndi zala, ndipo amayi poganiza kuti ndi kavinidwe katsopano anayamba nthungululu, ena n'kuimirira kuti amutsatire. Iye anakodola amuna ake.

"Bambo a Mwatitha, khomo lili kuti?"

A Layisoni anabwera akumwetulira, anazungulira nawonso, kumwetulira kuja kukuchepa pakona iliyonse. Atabwerera pamene anayambira anakanda m'mutu.

"Za khomo simunanene, mayi a Mwatitha."

"Ndinayamba kunena."

Woimbitsa nyimbo anazimitsa. Nkhani inayenda kuchoka kumabenchi a kutsogolo mpaka kwa ana a pamazenera, kuseka kukuitsatira pambuyo. Elube anali chiimire pambali pa mwamuna wake, maso ali pansi, mpeni uli m'manja mwa mkwati wopanda chodula. Falesi atasuzumiranso pazenera mtima unamuthawa. Holoyo inali yotentha ngati chiwaya, kanyumba kenikeniko kanali ka denga la lata ndipo kanayenda padzuwa, tsono majarini anali atayamba kugonja. Duwa limodzi la m'chiuno linali litatsetsereka, likupita pansi mwakachetechete.

A Layisoni anathamanga kukatenga hamala m'chikwama chawo, n'kunena kuti zimenezi n'zosavuta, angomenya denga kamodzi. Falesi anaima pakati pa iwo ndi kanyumbako. A Layisoni anati ndiye aswe galasi. Falesi anawafunsa ngati akufuna kudyetsa apongozi magalasi, ndiponso ngati mzimayi wa diresi lotero angatulukire pakazenera kongokwana dzanja. Wina anatchula sowo, wina n'kumukumbutsa za utuchi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anaunjikana akukambirana ngati mlandu wa mbuzi, duwa lachiwiri n'kunyamuka kutsatira linzake.

Falesi ndiye anati njira ndi imodzi basi, misomali izulidwe umodziumodzi ndi kumbuyo kwa hamala, anthu atagwira zipupa kuti zisagwere m'kati. A Layisoni anayesa woyamba, koma hamala inkangoterera. Pamenepo mpando wina unalira kumbali ya akuchimuna. Anali a Nanthambwe akunyamuka.

"Bweretsani kuno, bambo. Ine ndachokera ku Limbe kudzaona chigumu, sindibwerera ndisanachione."

Anavula nsapato zawo zazitali, anamanga chitenje m'chiuno, n'kulanda hamala. Anzanga, mayi uja anali ndi dzanja. Msomali woyamba unatuluka ukulira, iwo n'kuuponya m'mbale, ngwee. Woyendetsa mwambo, munthu wochenjera, anakodola woimbitsa nyimbo, n'kulengeza kuti akuchikazi agwire zipupa za kumanzere, akuchimuna za kumanja, tione mbali imene igwedeze. Basi zinasanduka gule. Msomali ukagwa m'mbale nthungululu, wina ukagwa nthungululu. Amalume a mkwati ndi amalume a mkwatibwi, amene kuyambira m'mawa ankangopatsana moni wa patali, anapezeka agundana mitu pakona imodzi akuuzana kuti gwirani bwino apo achimwene. A Nanthambwe thukuta lili kamukamu, akuzula, akufunsa kuti kodi munthu ameneyu amamanga nyumba ya keke kapena ndende. A Layisoni anapatsidwa ntchito yogwira mbale.

Falesi sanavine. Nkhope inali pagalasi, akuyang'ana maluwa ake, akuuza ogwira zipupa kuti chakumanjacho chalowa kwambiri, bwezani pang'ono. Denga litamasuka anauza anthu kuti alikweze molunjika kumwamba, osapendeketsa. Linakwera. Zipupa zinachotsedwa chimodzichimodzi, chokhala ndi zenera pomalizira.

Ndipo chidole chija chinaima poyera, anzanga, chathunthu, duku lili pamutu, diresi lachikasu ndi lobiriwira lofanana ndendende ndi nsalu imene holo yonse inavala. Maluwa otsetsereka aja Falesi anawakankhira m'malo ndi nsonga ya supuni, anthu asanamalize n'kukuwa komwe. Elube anadzutsa nkhope koyamba. Anagwira mpeni pamodzi ndi mwamuna wake, unalowa bwinobwino osalimbana nawo, ndipo m'kati munali mofewa, mwachikasu, fungo lake mpaka kumabenchi a kumbuyo.

Chidutswa choyamba akwati atadyetsana, Elube anatenga chachiwiri, anapita nacho kwa a Nanthambwe, n'kugwada. Mayi aja anali atakhala pansi akudzikupiza mphepo ndi mbale ya pepala. Analuma, anatafuna nthawi yaitali, holo yonse ikuwayang'ana kukamwa. Sananene kuti yakoma. Anangotsegula chikwama chawo n'kufunsa ngati pangapezeke kena kokulunga, kokaonetsa ana ku Limbe.

Falesi anapita kuseri kwa holo kukapukuta m'maso, ndipo pobwerera anapeza amuna ake akutolera matabwa aja, mbale ya misomali ili m'khwapa, mtima utakhalanso m'malo. Ankauza ankhoswe a mkwatibwi, bambo wachikulire amene anakhala chapafupi, kuti matabwawa sangatayike, mawa lomwe amangira khola la nkhuku, lolimba loti ngakhale vumbwe sangalowe.

"Koma pomangapo, bambo a Mwatitha," anatero Falesi, "mukumbukire kuti nkhukuzo m'mawa zimafunika ku..."

"Ndadziwa kale, mayi a Mwatitha."

Ankhoswe aja anayang'ana matabwa, anayang'ana a Layisoni, n'kupukusa mutu akunyambita aisingi kuchala. Mawu amene ananena pamenepo anamveka kwa amayi otsuka mbale, amayiwo anakawatula pamjigo, ndipo mpaka lero munthu akakudula pakamwa usanamalize kumulangiza, umangomuuza kuti: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.