Che Sidiki ndi Mbale ya Galu

Amene anakhalako ku Nellmapius, komboni ina ya ku Joni, zaka zija sangawaiwale Che Sidiki a ku Machinga, bambo amene ankalankhula ndi galu mwaulemu ngati akulankhula ndi apongozi. "Bwerani, achimwene, mudzalaweko." Kumukhudza ayi, poti anali Msilamu wosaphonya swala.

Ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Garsfontein, kwa dona wina wamasiye. Donayo anali ndi galu wa makutu olendewera, dzina lake Wagter, wonyada ngati mwana wa bwana. Chakudya chake cha m'thumba ankangochinunkhiza n'kuchoka monyang'wa. Koma tsiku lotulutsa mabini ankasolokera pansi pa mpanda, n'kugubuduza mabini a msewu wonse, n'kubwera atanyamula thewera la mwana kukamwa ngati mphatso.

Aneba atadandaula, dona anati, "Sidiki, galuyu akapitanso ku mabini, ntchito yatha."

Che Sidiki anayesa kuwaza tsabola wa ku Laudium pa zivindikiro. Galu anayetsemula n'kupitiriza. Anayesa kumusanganizira msuzi wa nkhuku. Galu ananyambita msuziwo, zina n'kusiya. Tsiku lina anawerama kuti atole sizasi yomwe inagwera pafupi ndi mbale, ndipo Wagter anathamanga n'kukomba zonse kuti psiti. Apo m'pamene anazindikira kuti galuyo sankafuna chopatsidwa, ankafuna cholanda.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankayang'ana uku ndi uku, kuvula chipewa, kugwada pafupi ndi mbale, n'kumatafuna mphepo uku akudzuma. Galu ankadya mwaphuma, ndipo atayamba kukhuta za mabini anaziiwala.

Lachisanu lina anzawo awiri, Che Twalha ndi Che Bilali, anabwera kudzawatenga kuti apite kumzikiti. Anasuzumira pageti.

"Achimwene," anatero Che Twalha, "swala ya masiku ano ikuyang'ana ku mbale ya galu?"

Che Sidiki analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Koma galu anali atasiya kudya, akuwayang'ana.

"Dikirani pang'ono," anayankha maso ali pansi. "Ndikadzuka samaliza."

Ndipo anadzumanso, anzawo akuona.

Pofika Lamlungu nkhaniyo inali itafika chipinda chilichonse. Ana ankauwa akawaona akutsika takisi. Che Twalha ankasewera sewero lonse pamaso pa alendo, mpaka kugwedeza matako. Nkhaniyo inawoloka malire n'kukawapeza akazi a Che Sidiki, Mayi Rabia, ku Machinga. Che Sidiki anangoyamba kuyenda chowerama, ndipo kumzikiti ankakhala mzere wa kumbuyo.

Chifuwa chinawatenga m'nyengo yozizira ya 2007. Posambitsa maliro, Che Twalha anaona maondo a malemuwo, okakala ngati khungwa la mtengo. Aliyense m'chipindamo anali atagonapo pamphasa ya Che Sidiki pamene ankangofika ku Joni, wopanda ntchito, akudya buledi wochokera m'maondo amenewo.

Nellmapius anazizira kuchokera pamenepo. Wobwera kumene akafunsa pogona, anthu amangolozerana. Ana aja anakula, ndipo dzinalo likatchulidwa amayang'ana kumbali.

Ntchito ya ku Garsfontein anaitenga Che Twalha. Galu anapitiriza kunenepa mpaka ukalamba wake, ndipo palibe anawafunsapo mmene ankadyera.