Adzatopa M'mimba mwa Ndege

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zimene mpaka pano zikundiseketsa ndekha. Paja mwana wanga Tiyanjane akundiitana ku Joni, akuti ndikwere ndege pamodzi ndi galu wanga Adzatopa.

Ndiye ndinangopezeka ndili pabwalo la ndege, galu ali m'khola la waya. Bambo wa pasikelo, wa tayi yofiira, anati, "Amayi, ameneyu ndi katundu, akwera kunsi." Mwadzidzidzi khosi lake linatalika, bambo uja n'kusanduka nkhukundembo, tayi ija ikulendewera kummero.

Ine ndinati, "Ngati iyeyu ndi katundu, nanenso ndine katundu." Nkhukundembo inandimata chipepala pachipumi, lamba woyendetsa katundu n'kutinyamula tonse mpaka m'mimba mwa ndege.

Mdima wake! Kuzizira kuposa Dedza mu Juni, injini zikubangula. Adzatopa anayamba kunjenjemera, lilime panja, madzi ake atatayika onse. Ndiye sutikesi ina yakuthaitha inatsokomola n'kunena kuti, "Mayi, mufunditseni mwanayo. Ine ndayenda maulendo. Ndinaonapo galu wa mphuno yaifupi atabanika muno, anatsika osagwedezanso mchira."

Kenako sutikesi ija inadzitsegula zipi n'kulavula juzi ya ubweya. Botolo la madzi linagubuduzika lokha kudzathira m'mbale. Ndege itagwedezeka, thumba la mtedza linadzatsamira khola lija kuti lisagwe, uku likudandaula msana.

Mwadzidzidzi Adzatopa anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, makutu akundiwawa. Kodi ku Joniko kuli mthunzi wa mango?"

"Kulibe, mwanawe. Kuli nyumba zosanja."

"Ndiye nditsitseni pa siteji."

Ndinamenya khoma ngati mu minibasi. "Wotsika!" Woyendetsa ndege anasuzumira, kumuona ndi kakowa wovala chipewa. Anati, "Bwanji osanena kale, amayi?" Ndiye ndege inakhota n'kuima bwinobwino pakhomo pa achimwene anga a Lufeyo, nkhuku osathawa n'komwe.

Adzatopa analumpha, anazungulirazungulira pansi pa mango, n'kugona chagada. "Pitani bwino, amayi. Mukapereke moni kwa Tiyanjane. Achimwenewa sandimana mafupa."

Sutikesi ija inalira ndi chimwemwe mpaka masokosi onse kunyowa. Ine ndikukweza dzanja kuti nditsanzike, ndinamva kuti shwa, shwa, shwa.

Kutsegula maso, anali Nabanda woyandikana naye nyumba, akusesa pabwalo pake.