Nguluwe Yofunda Chiguduli

Mpaka lero alamu anga a Zuze akandiona ndikubwera amayamba kuuwa ngati galu, ana n'kumagwa nako kuseka. Ndiyankha chiyani, poti zinachitikadi, ndipo mboni zinalipo zisanu ndi imodzi, osawerengera agalu?

Nthawi imeneyo n'kuti ndili mkamwini chaka chachinayi m'mudzi wina wa ku Chidzolomondo. Kwathu si kutali, n'kutsidya kwa dambo, pamtunda, moti kukacha bwino utsi wa kwathu umaoneka. Koma mtima wanga unali pa chitengwa, kuti ndimutenge mkazi wanga Luwiza, Tomasi wathu wachisamba ndi ana enawo tikakhale kwathu, ndikalime munda wangawanga. Amalume ake anali atavomera kale. Otsala anali apongozi aakazi, mayi amasiye, ndipo yankho lawo linkabwera kudzera mwa Luwiza, lomwelomwelo chaka ndi chaka: "Tiona." Kukawafunsa ndekha sikukanatheka. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Ndikawaona panjira ndinkapatukira m'tchire ngakhale mukhale chitedze (kawiri konse munalidi chitedze).

Chaka chimenecho nguluwe zinalusa m'munda mwa apongozi, chimanga chitangobereka. A Zuze, omwe ndi achimwene ake a Luwiza, anamema uzimba. Ine kusaka sindidziwa, ndisaname. Mkondo ndikauponya, anthu a kumbuyo kwanga ndiwo amabisala. Ndiye ndinaganiza kuti ndikhale maso a gulu lonse. Nguluwe ikaphedwa chifukwa cha ine, "tiona" uja asanduka "pitani."

Ndinakwera mota, njinga yamoto ija, wa ku Furancungo. Pamsika, bambo wina wogulitsa matochi ndi mawailesi anali ndi mabinokulo awiri, magalasi aja oonera patali.

"Iyi ndi oyitu, iyi ndi vinti," anatero akuloza 8 pa ina, 20 pa inayo. "Pa iliyonse pali manambala awiri: yoyambayi, oyitu kapena vintiyo, imanena kuti chinthu chikusendera kangati. Yachiwiriyi ndi kukula kwa galasi lakutsogolo, lolowetsa kuwala. Mukufuna ya ntchito yanji, patarawu, bwana wanga?"

"Nguluwe."

"Tengani oyitu. M'tchire mumafunika kuona malo aakulu nthawi imodzi. Vinti imaonetsa kamalo kochepa, komanso m'manja imanjenjemera. Imafuna poitsamiritsa."

Ine mumtima ndinati, ameneyu wandiona fumbi m'mapazimu, akufuna yabwinoyo asungire abale ake. Sukulu ndinalekeza kalasi ya kinta, yachisanu, inde, koma ndikudziwa kuti vinti imaposa oyitu. Ndinaiyesera pa denga lina lakutali, nditatsamira tebulo lake, ndipo ndinaona ndi misomali yomwe.

"Ndipatseni yomweyi."

"Epa!" anatero bamboyo, n'kundikulungira m'nyuzipepala mopukusa mutu.

Loweruka m'mawa kunkawaza kamvula. Ndinatulukira pagulu chinthu chija chili lende pakhosi, ndikuyenda ngati ndabwera kudzayeza malire a minda.

"Alamu, mwagula maso a boma?" anafunsa a Zuze. "Chabwino, kwerani pachulu chachitali icho. Mukaona kanthu mukuwe, muloze. Ife tilowa ndi agalu chakumunsi."

Nditakwera, ndinaika binokulo m'maso. Kubiriwira kokhakokha. Tsamba limodzi linadzaza galasi lonse, pali kanyerere kakuyenda. Ndikapuma, tchire lonse linkadumpha. Ndikagwira mpweya, linkanjenjemera ndi kugunda kwa mtima. Pamsika paja ndinatsamira tebulo, apa panalibe tebulo.

Posakhalitsa agalu anadzutsa gwape. Aliyense anamuona ndi maso ake obadwa nawo, kupatula ine.

"Alamu! Walowera kuti?"

Ndinazunguza galasi uku ndi uku. Ndinaona mtambo, khungwa la mtengo, kenako khutu la a Zuze (lili ndi tsitsi mkati, sindinkadziwa). Ndinangoloza kulikonse. A Zuze ndi anzawo anathamangira komweko, anabwerako ali chisoso thupi lonse, opanda gwape.

"Tiyeni timutsitse," wina anatero. "Bola tikanaikapo mbuzi."

Mawu amenewo anandibaya. Mutu unali ukuzungulira ndi galasi lija, koma ndinalumbira kuti sinditsika chimanjamanja. Ndipo nthawi yomweyo ndinachiona. Chinthu chofiirira, chokhakhala, chamsana wokhota, chikugwedezeka patsinde pa msuku, chikufukula pansi. Chinadzaza galasi lonse. Mutu sindinauone, miyendo sindinaione, pajatu vinti saonetsa chinthu chathunthu. Munthu wanzeru akanatsitsa galasi n'kuyang'ana kaye ndi maso. Ine ayi.

"Nguluwe!" ndinakuwa mpaka dambo lonse linayankha. "Chinguluwe chachikulu, chonenepa! Pamsuku apo! Sakizani agalu!"

Ndinalumpha pachulu ndikuganiza kuti msukuwo uli pamphuno pompa. Abale, ndinathamanga! Galasi lija linandinamiza ndi mtunda womwe. Ndinagwa kawiri, patapata mmodzi anatsala m'matope. Nditafika ndili wefuwefu, ndinapeza zachilendo. Agalu akupukusa michira. Amuna aja ali chilili, zipewa zili m'manja, mikondo abisa kumbuyo.

Nguluwe ija inaweramuka pang'onopang'ono, itagwira m'chiuno. Anali apongozi. Anafunda chiguduli kumsana chifukwa cha kamvula kaja, ndipo ankazula bowa.

"Wakuwa uja ndani?"

Zala zisanu ndi chimodzi zinaloza ine. A Zuze mapewa ankangogwedezeka, milomo ataluma. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chitedze choti ndilowemo, tsiku limenelo panalibe. Ndinagwada m'matope momwemo, maso pansi.

"Chachikulu, chonenepa," anatero apongozi, mawu ali phee. "Zaka zinayi mumandithawa panjira, bambo a Tomasi. Tsiku loyamba kundiyang'ana, mwaona nguluwe."

Amenewo ndiwo anali mawu awo oyamba kundilankhula ine mwini. Kenako anatambasula dzanja. "Bweretsani chinthucho." Anachiponya m'dengu la bowa n'kumapita. (Nguluwe zenizeni zinamva phokosolo n'kusamuka. Zinabweranso Lachiwiri.)

Masiku atatu sindinatuluke m'nyumba. Luwiza tsiku loyamba anaseka mpaka kugwira khoma, tsiku lachiwiri analira. "Chitengwa chija mwachipha nokha," anatero. "Tikalambira pompano." Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa nyumba kwathu ndinali nditamanga kale chilimwe chapitacho, ndi manja angawa, ndipo inkangogona mileme.

Tsiku lachinayi masana anandiitanitsa. Ndinapita n'kukhala pansi chapatali, chammbali. Apongozi anali pakhonde. Anali atazika mtengo wa phanda kutsogolo kwawo, binokulo ataikhazika paphandapo, ili nji, osagwedezeka. Zomwe anandiuza wogulitsa uja ine osamva, iwo anazitulukira okha. Ankayang'ana kutsidya kwa dambo, chala chikupotokola kagudumu kapakati.

"Nyumba ya udzu watsopano ija, pafupi ndi mtengo wa mango, ndi yanu?"

"Eya, ndi yanga."

"Khomo lake laloza kuno."

"Laloza kuno, eya."

Maso awo anali akadali m'galasi. "Ine sindinkakana chifukwa cha inu," anatero. "Maso angawa anatha. Mwana akawoloka dambo ili, kwa ine ndiye kuti wapita ku Tete. Koma umu ndikuona ndi nkhuku zomwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mtengeni mkazi wanu. Ichi chitsala."

Ndinawomba m'manja mpaka zikhatho zinawawa, misozi ili mbwembwembwe, bambo wandevu.

Pano tili kwathu chaka chachiwiri. M'mawa uliwonse Luwiza amaima pakhomo ndi ana n'kukweza manja kuloza kutsidya, ndipo ine ndimasangalala kuti vinti yanga inapeza ntchito yake. Ofuna ya m'tchire ndimawalangiza kuti atenge oyitu (ngakhale ndamva kuti ku Tete iliko ya tirinta, ya 30, ndipo mtima ukundilasa).

Vuto ndi limodzi. Sabata yatha, dzuwa litakwera pang'ono, ndinatsamiritsa khasu n'kugona pamthunzi kuti ndipumeko. Sipanapite nthawi, foni inalira. Anali a Zuze.

"Alamu, amayi akuti kutsidyako nguluwe yagona pansi pa mango, khasu lili poteropo. Akufunsa ngati tibwere ndi agalu."

Ndinadzuka n'kukalima.