Dzenje Lomwe Linadikira Mvula

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake ndi ichi. Ena adzakuuzani kuti unayamba ndi alimi. Asiyeni, sadziwa. Ine sukulu ndinaiponda mpaka Folomu 4, ndipo nkhani ndikaigwira sindisiya ndi mchira womwe.

Ku Ndirande kunali mayi wina dzina lake Firida Nankhoma. Iye ndi amuna ake, a Kadzakumanja, ankachita zisudzo kutchalitchi, anthu n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Koma bambowo anali ndi mphumu. Kulikonse ankayenda ndi kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa m'thumba la jekete.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wopanga makanema, Wedisoni Gwaza, munthu wosavula chipewa ngakhale pakudya. Anati akupanga kanema woti adzalize dziko lonse. Firida akhale mayi wamasiye, amuna akewo akhale mtembo.

"Ntchito yake ndi imeneyo basi?" anaseka a Kadzakumanja. "A Nankhoma, auzeni bwanawa mmene ndimakuthera kugona."

Lole inawatenga ulendo wa masiku awiri mpaka kumudzi wa Mwanjawala, kutsidya kwa dambo la makande. Dothi limenelo m'chilimwe limauma ngati mwala, koma likalawa madzi limameza ndi ng'ombe yomwe. Msewu wotulukira unali umodzi wokha, wodutsa m'dambomo.

M'masabata awiri anajambula zonse, kunangotsala gawo limodzi: maliro a pamvula. Anthu a m'mudzimo anati vuto palibe, akwera mumtengo wa mango ndi makheni othirira fodya, mvula igwa.

"Mvula ya m'kheni?" anatero Gwaza. "Ine ndine Gwaza. Ndikufuna mvula yochokera kumwamba, ya mabingu ake."

Manda nawonso anafuna enieni. Adzukulu anamukumbira dzenje m'mphepete mwa manda a mudziwo. Dzuwa litapendeka, mkulu wa adzukulu, a Likisho, anabwera atasenza thunthu la nthochi.

"Bwana, kuno dzenje siligona lopanda kanthu. Mwini wake akasowa timaikamo ichi n'kukwirira. Likakhala kukamwa yasa, limaitana."

Gwaza anatsegula mapepala a sewero lake. "Nthochiyo ili patsamba liti? Ine sindinailembe. Musakhudze dzenje langa."

Motero anayamba kudikira, anthu ndi dzenje lomwe. Sabata inatha, ina n'kuthanso. M'mawa uliwonse Firida ankagwedeza kabotolo kaja pafupi ndi khutu, ndipo tsiku lililonse kankapepukirapepukira. Makiyi a lole anali m'thumba mwa Gwaza. Tsiku lina Firida anakamupeza Gwazayo ataima pambali pa dzenje, akuyang'ana kumwamba, misozi ili mbwembwembwe chifukwa mtambo wina unali utadutsa osagwetsa kanthu.

"Achimwene, tiyeni tiwoloke dambo kukadali kouma. Mankhwala a abambo atsala mpweya wokha."

"Mayi, luso limafuna nsembe."

"Nsembeyo akhale amuna anga?"

"M'malo modandaula, bwanji osakonza kaliridwe kanu? Mumalira ngati mwapsa ndi tiyi. Ine ndikufuna kulira kochokera m'chiwindi."

Firida anabwerera kwa amuna ake kuti angonyamuka wapansi. Koma nawonso matenda a kanemawo anali atawalowa. "Ndafika pano, ndibwerere osaoneka pakanema? Anzanga a kubawo adzati chiyani? Dikirani pang'ono, a Nankhoma."

Sabata yachitatu, Lachinayi m'mawa, kumwamba kunada bii. Mvula inagwa yonga yothira ndi ndowa, mabingu ake omwe aja. Gwaza anavina. Anakulunga a Kadzakumanja mumphasa, nkhope pamtunda kuti madontho aziwagwera, anthu n'kuwanyamula kupita kudzenje. Atangofika, mtembo unatsokomola.

"Imani. A Kadzakumanja, mtembo sutsokomola. Tiyambirenso."

Anayambiranso. Mtembo unatsokomolanso. Firida anawerenga maulendo khumi ndi umodzi, amuna ake ali chigonere m'mphasa yonyowa, milomo ikuchita buluu, Gwaza akuyamikira kuti tsopano ayamba kuoneka ngati wakufa weniweni.

Pofika masana chifuwa chawo chinkalira ngati wenzulo. Firida anapopera kabotolo kaja, koma sikanatulutse kanthu. Apo Gwaza anatulutsa makiyi. Lole inalowa m'dambo, inayenda pang'ono, kenako inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Anakankha amuna onse, Gwaza yemwe, matope mpaka m'khosi, chipewa chija chinapita. Atalephera anawanyamula odwalawo pamachira, koma mwendo uliwonse unkafuna anthu awiri ouzula. Asanafike ndi pakati pomwe, a Kadzakumanja anakodola akazi awo.

"A Nankhoma, muwauze bwanawo kuti ulendo uno sinditsokomola."

Ndipo sanatsokomoledi.

Mvula inagwa masiku atatu osakata. Zotengera maliro ku Blantyre panalibe. Adzukulu sanagwire khasu kukumba, anangokapa madzi m'dzenje lija ndi makheni othirira fodya. Mphasa inali yomweyo, onyamula omwewo. Firida analira kulira kumene mudzi wa Mwanjawala sunakumvepo, kochokera m'chiwindi. Ali mkati molira anaona dzanja la Gwaza likukwawira kuchikwama cha kamera. A Likisho analiwonanso. Anagoneka mpini wa khasu pamkono wa Gwaza mwaulemu.

"Bwana, dzenjeli tinalikumba lalikulu. Awiri akwanamo."

Dzanja linabwerera.

Atakwirira, Gwaza anamutsatira Firida pakhonde pomwe anakhala, matope atamuumira thupi lonse. Anagwada, kamera ili m'manja.

"Mayi, pepani. Komabe bambowa sanafe. M'kanema umu adzakhala ndi moyo mpaka kalekale. Taonani."

Firida anayang'ana. Anafunadi kuiona nkhopeyo kamodzi kokha. Koma dontho loyamba lenileni la mvula ija linali litathovukira dothi pagalasi la kamera, ndipo Gwaza m'chisangalalo chake sanapukute. Maulendo onse khumi ndi umodzi munalibe nkhope, munalibe manda, munalibe ndi mvula yomwe. Munali chinthu chofiirira chodzaza galasi lonse, kuseri kwake munthu akutsokomola.

Gwaza anapukuta galasilo ndi malaya, ngati kuti zithandiza. "Koma ine ndinangopempha mvula," anatero ndi mawu aang'ono.

Firida anavula mpango wakuda umene anamupatsa kuti azivala m'sewero, anauyang'ana, n'kuumanganso kumutu, poti tsopano unali wake. Kenako anamuyankha mosakweza mawu, ndipo a Likisho amene anali pafupi ndiwo anawatola mawuwo n'kuwafalitsa:

"Achimwene, walira mvula walira matope."