Maseva Anu Atsopano Andilanda Mzere

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Penshoni ya Tsamirani,
Chipinda chapamwamba penipeni, kumene kumathera masitepe.

Wolemekezeka Bwana Mkulu,

Ndayamba ndagwada, ngakhale mawondo angawa masiku ano akapinda amafuna munthu wachiwiri woti awawongole. Ine ndine nkhalamba ija ya chipewa chaubweya, imene alonda anu amaitcha Wailesi poti akuti ndikayamba kulankhula palibe pozimitsira. Sukulu sindinapiteko. Kalata ino ndikuinena ndi pakamwa, olemba ndi a Mataipi, aja amakhala ndi makina awo otayipira pansi pa masitepe a nyumba yanu. Ndawachenjeza kuti asadule liwu ngakhale limodzi, choncho ikatalika musawadzudzule iwo.

Ndabwera kudzathokoza. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ife opuma pantchito takhala tikubwera ku ofesi kwanu tsiku loyamba la mwezi uliwonse kudzadinda chala pa kagalasi, kuti kampani idziwe kuti tikadali moyo. Lamulo limeneli ndi labwino. Pa msinkhu wathuwu munthu ukhoza kumwalira osazindikira, ndiye pamafunika wina wokuuza. Chala chikadindidwa, funso linkapita ku makina aakulu osunga mayina athu, amene anthu anu amawatcha seva. Seva yakale ija inali nkhalamba inzathu. Inkakhala m'kachipinda kuseri kwa kauntala, fani ya patebulo ikuipemerera, pambali pake pali ndowa yolandira madzi odontha kudenga. Mukaifunsa ngati uje ali moyo, inkayamba yang'ung'udza, n'kuganiza, n'kuiwala funso. Zikatero mayi wa pawindo lachiwiri ankalengeza kuti netiweki yagwa, ndipo katswiri wanu, amene ife tinamupatsa dzina loti Zimitsa-Yatsa, ankalowa m'kachipindamo ndi nkhope ya munthu wokazonda matenda. Mzere unkayamba m'mamawa, n'kudzatha dzuwa litapendeka.

Miyezi iwiri yapitayi munagula maseva atsopano. Ndinawaona pagalasi tsiku lija munatiitana kudzaomba m'manja: makabati akuda asanu ndi limodzi, ataima mondondozana ngati asilikali, akuphethira timagetsi tobiriwira m'chipinda chozizira ngati chosungira mitembo. Munati amathamanga kuposa yakale ija kamakumi anayi, amadya magetsi ochepa, ndipo sagwa. Zonsezo ndi zoona. Ndiloleni ndiyale mathokozo anga limodzilimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa tsopano mumakana anthu msanga. Pali mnzathu wina, a Njerwa, amene anamanga nyumba za eni ake zaka makumi anayi mpaka simenti inawadya mizere ya kuchala. Chala chawo ndi chosalala ngati dzira. Seva yakale inkalimbana nacho tsiku lonse, ndipo pofika madzulo mayi wa pawindo lachiwiri, atatopa, ankangowayang'ana, n'kuona kuti akupuma, n'kusaina ndi dzanja. Maseva atsopanowa satopa, ndiye chifundo chilibe polowera. Anawayang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti munthu wotere kulibe. Panopa a Njerwa akwanitsa miyezi iwiri ali omwalira. Amabwerabe Lolemba lililonse atavala jekete kudzatsutsa, ndipo mlonda wanu, munthu wamakhalidwe, amawapepesa pageti. Akazi awo akufunsa ngati ayambe kuvala zakuda, iwo akuti adikire kaye kalata yochokera kumtunda. Kale kufa kotere kunkatenga tsiku lathunthu, lero ndi kuphethira kwa diso. Chitukuko chimenechi tachiona.

Chachiwiri, zikomo potichotsera mabenchi. Munati palibenso wodikira, ndiye benchi ndi lachiyani, ndipo pamalo pake munaikapo maluwa apulasitiki. Akukongola. Mayi wa tiyi uja, amene ankatigulitsa tiyi ndi mabanzi pakhonde, tsopano amadzimwera yekha tiyi wake, ndipo wayamba kunenepa. Panalinso bambo wina amene ntchito yake inali yogwirira anthu malo pamzere. Anaimirira anzake zaka zonsezi mpaka miyendo yake inasanduka mizati. Dzulo ndinamupeza ataima pamzere wa basi imene sakukwera, akuti kuopa kuti miyendo ingaiwale ntchito.

Chachitatu ndi changa. Ine pamzere paja ndinali wofotokoza nkhani. Palibe anandilemba ntchito, koma netiweki ikagwa anthu ankatembenukira kwa ine monga ana atembenukira kwa amene wabwera ndi thumba. Ndinali ndi nkhani ya dalaivala wa lole amene ananyamula mabokosi a njuchi ndi apongozi ake pa ulendo umodzi. Nkhaniyi ndaiyendetsa zaka zinayi, mwezi ndi mwezi, ndipo tinali titafika pamene lole yalendewera pamlatho, matayala awiri ali m'malere, apongozi atakwera pamwamba pa mabokosi. Mwezi wotsatira munabweretsa maseva. Mzere wonse tsopano ndi mphindi zinayi. Mphindi zinayi, Bwana, ine ndimakhala ndisanamalize moni. Anthu akundiimitsa mumsewu kufunsa ngati lole ija inagwa, ndipo m'modzi wandiuza kuti sakugona bwino poganizira apongoziwo. Ndinayesa kumufotokozera mlonda wanu, koma ali ndi tizingwe m'makutu.

Komabe lole ikhoza kudikira pamlathopo. Chimene sichingadikire ndi chachinayi, ndipo a Mataipi andiuza kuti ndisiye kuzungulira, pepala likutha.

Pali mayi wina wa ambulera yofiira. Seva yakale inkatiika pamzere potsata chaka chimene munthu anapumira ntchito, ndiye mayiwa nthawi zonse ankakhala kutsogolo kwanga, ine kumbuyo kwawo. Zaka zisanu ndi zinayi. Ankagwira ntchito yochapa ndi kusita ku hotela, amuna awo anamwalira kale, inenso akazi anga anatsogola. Ndikudziwa kuti chiuno chawo chakumanzere chimawawa kukazizira, kuti tiyi amamwa wopanda shuga koma banzi amalisunsa mu wanga, kuti malemu amuna awo ankaliza mkonono ngati chigayo ndipo amausowa mpaka lero. Iwo ndi amene ankandigwira bodza pankhani zanga. Ndikati dalaivala anali wadazi, ankatembenuka pang'ono n'kunena kuti bambo a chipewa, mwezi watha munthuyu anali ndi tsitsi lofika m'mapewa, mwamumeta liti? Ankati nkhani zanga zili ndi makona ambiri kuposa matumbo a mbuzi. Koma dzuwa likawala, ambulera ija inkapendekera kumbuyo, mpaka phewa lawo lomwe kumapsa.

Dzina lawo sindilidziwa, ndi kumene amakhala komwe. Musaseke, Bwana. Mu ofesi mwanu ndife manambala, ndipo munthu ukalephera kufunsa dzina chaka choyamba, chaka chachisanu umachita manyazi. Ndinkati nthawi ilipo. Seva yanu yakale inandilonjeza choncho mwezi uliwonse, ndipo sinandinamizepo.

Tsiku limene maseva atsopano anayamba ntchito, mabenchi asanachotsedwe, mayiwa anandiuza kuti mwana wawo wamkazi akusamukira kutali, kumzinda wina, ikatha miyezi itatu, ndipo akufuna kuwatenga akakhale naye. Anati iwo sakufuna kupita, koma alibe chifukwa choti amuuze mwanayo. Ananena zimenezi akuyang'ana chogwirira cha ambulera. Ine si mwana, ndinamva. Koma mawu otere munthu sungangowalavula ngati njere. Amafuna poyambira. Ndinakonza kukhosi n'kuyambira pa agogo anga aamuna, mmene anafunsira mbeta katatu n'kukanidwa kawiri, ndikuwerengera kuti cha m'ma thu koloko ndikhala nditafika pa ine ndi iwo. Ndinali ndikufotokoza za mvula ya chaka chimenecho pamene makina analira. Mayiwa anadinda chala, kagetsi kanabiriwira, mlonda n'kuwalozera khomo latsopano lotulukira, lija munaboola kumbuyo kuti olowa asamagundane ndi otuluka. Khomo limenelo limatulukira msewu wina. Mmene ine ndinkadinda changa n'kuzungulira nyumba yonse ndi mawondo awa, ndinangopeza mabasi ndi fumbi.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha dongosolo. Maseva anu tsopano amagawira munthu aliyense tsiku lake ndi mphindi yake, uthenga n'kubwera pafoni. Ine anandipatsa Lachiwiri, mphindi khumi ndi ziwiri itadutsa teni koloko. Ndinafunsa mayi wa pawindo lachiwiri kuti nanga a ambulera yofiira aikidwa liti, anati chimenecho ndi chinsinsi cha makasitomala. Zimitsa-Yatsa, amene masiku ano amavala tayi n'kumangoyendayenda manja ali kumbuyo poti palibe chozimitsa, anandinong'oneza kuti makinawa anapangidwa dala kuti nkhalamba ziwiri zisamakumane, akuti kuchepetsa kuthithikana. Ndinakhala pageti masiku khumi ndi limodzi. Alonda anandithamangitsa mwaulemu, akuti kudikira kunathetsedwa pakampani pano.

Amene anawaona mayi a ambulera aja ndi mayi wa tiyi, Lachisanu lina ine nditapita kuchipatala ndi mawondowa. Akuti mayiwo anatsika m'galimoto ya mwana wawo, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa mlonda ngati bambo a chipewa anamwalira. Mlonda anawauza kuti zimenezo amadziwa ndi makina. Mayi wa tiyi, Mulungu amudalitse, anawathamangira n'kuwafunsa tsiku lawo lotsatira. Ndi Lachisanu loyamba la mwezi wamawa, mphindi makumi awiri itadutsa naini koloko. Limeneli ndi lomaliza, chifukwa katundu wawo ayamba kale kumanga.

Mwina mukuti vuto lili pati, ndikangowadikira pakhomo tsiku limenelo. Vuto ndi luso lanu lomweli. Kale mwana wawoyo sankabwera, chifukwa palibe munthu wapantchito amene akanataya tsiku lonse pamzere wathu. Lero, poti ndi mphindi zinayi, amawabweretsa yekha, n'kuima pakhomo lakumbuyo injini ikulira, dzanja lili pa hutala. Choncho ndili ndi mphindi zinayi, ndi mwana wa munthu akundiyang'ana pagalasi la galimoto.

Ndayesetsa kufupikitsa, musaganize kuti ndangokhala. Masiku atatu ndakhala ndikuyeserera pansi pa masitepe, a Mataipi atakhala ngati mayiwo, atagwira wotchi m'malo mwa ambulera. Tsiku loyamba ndinatenga maola asanu ndi theka. Tinachotsa mvula, tinachotsa njinga ya amalume. Dzulo, mtima ukuwawa, ndinachotsa agogo anga omwe. Zatsala maola atatu ndi mphindi makumi anayi, ndipo a Mataipi avomereza kuti pamenepa palibenso chodula, ukadula ndiye kuti ukufunsira mayi wa ulemu wake ngati ukugula tikiti ya basi. Analiranso pang'ono cha kumapeto, ngakhale akuti ndi fumbi la pamasitepe.

Ndiulule tchimo langa. Ndinamufunsa Zimitsa-Yatsa ngati munthu sangapunthwe mwangozi pa chingwe china m'chipinda chozizira chija Lachisanu limenelo. Anapukusa mutu mwachisoni. Akuti chilichonse munagula ziwiriziwiri: zingwe ziwiri, mabatire awiri, majenereta awiri, ndipo seva imodzi ikakomoka inzake imanyamula katundu isanagwe pansi. Ndinachita nsanje, Bwana. Makabati achitsulo munawaganizira kuti asakhale okhaokha.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo silikhudza maseva anu. Asiyeni athamange, ndi ana abwino. Ndikungopempha kuti Lachisanu limenelo, mphindi makumi awiri itadutsa naini, nkhani ya mayi a ambulera yofiira ndi yanga zisapite ku makina. Mutsike nokha, Bwana Mkulu, muzigwire ndi manja anu, monga mmene mumagwirira nkhani zonse zofika patebulo panu. Antchito anu onse, kuyambira wosesa mpaka wonyamula chikwama chanu, amakuchitirani umboni ndi ulemu waukulu kuti pepala likalowa mu ofesi mwanu silinatulukemo miyezi itatu isanakwane, ndipo ena akuti alipo mapepala amene anapumira ntchito momwemo. Mphatso yotere si ya aliyense. Mwana wa mayiwo adzazimitsa injini, adzayang'ana wotchi kawiri, n'kupita kuntchito kwake. Ine miyezi itatu sindikuifuna, ingakhale dyera. Maola anayi okha andikwanira, ndi mipando iwiri ngati ilipo yotsala.

Ndikudziwa kuti mungathe popanda kukonzekera. M'nyumba monsemo mwasintha makina, zingwe, makomo ndi mabenchi kuti zinthu ziziyenda msanga, koma mwa chisomo cha Mulungu, inu sanakukhudzeni. Chiyembekezo changa chonse chatsamira pamenepo.

Ine wanu wogwada, amene malinga ndi makina anu ndikadali moyo kufikira Lachiwiri likudzali,

Wailesi,
bambo a chipewa chaubweya.
(Ndadinda chala pansipa. Chikakanidwa, a Mataipi andiona ndikupuma.)